Nambala ya MP yatuluka: zoti mudziwe musanayambe kusaina mapepala a odwala

Woyang'anira gulu: Akuluakulu nonse, mwaswera bwanji. Pagulu pano palowa achinyamata angapo amene angolandira kumene nambala zawo za MP (Medical Practitioner) ku HPCSA, bungwe lolembetsa ndi kuyang'anira madokotala kuno ku South Africa. Ena amaliza community service, chaka chimene dokotala watsopano amayenera kugwira m'chipatala cha boma, ena achokera kumudzi ku Malawi ndipo apambana mayeso a board ya HPCSA. Tiyeni tiwaunikire. Matenda akuwadziwa kale, koma mwa kuona kwanga chimene chimagwetsa dokotala watsopano kuno ndi pepala limene waikapo dzina ndi nambala yake. Aliyense anene za mbali imene amagwira.

Ndiyambe ndi za kaundula. Tsegulani satifiketi yanu muwerenge gulu limene mwalembedwamo, chifukwa nambala payokha sinena zonse. Intern amakhala zaka 2, community service chaka 1, kenako independent practice, gulu lokulolani kugwira ntchito panokha. Ambiri ophunzira kunja amayamba ndi public service. Wolembedwa mu public service malo ake ndi chipatala cha boma basi; kukakhala m'kiliniki ya pulayiveti, ngakhale Loweruka limodzi, ndi mlandu pansi pa Health Professions Act ya 1974.

Fizi ya pachaka iyenera kukhala italipidwa pofika pa 1 Epulo. Polipira ikani nambala yanu ngati reference, apo ayi ndalama ilowa koma siifika pa dzina lanu. Mukatero kokani khadi lanu la chaka chimenecho pa webusayiti yawo. Wosalipira amaimitsidwa m'kaundula, ndipo kubwereramo kumadula kuposa fiziyo. Mukasamuka kapena kusintha imelo, auzeni pasanathe masiku 30, chifukwa kalata ya dandaulo imapita pa adiresi yomwe iwo ali nayo.

Dotolo Watsopano: Zikomo kwambiri bwana. Nanga munthu wa independent practice amene ali pa ntchito ya boma, locum, ganyu yogwirira dokotala wina ku pulayiveti, akhoza kupanga?

Woyang'anira gulu: Akhoza, koma atapeza kaye chilolezo cha RWOPS cholembedwa, chololeza wa m'boma kugwira ntchito ina yolipidwa kunja kwa boma, kudzera kwa akuluakulu a chipatala chake. Chilolezocho chimakhala ndi nthawi yake ndipo chimatha. Locum asagwere m'maola a boma kapena a commuted overtime, maola owonjezera amene boma limakulipirani kale. Ndipo boma siliyankha pa wodwala amene mwamuona ku pulayiveti, choncho pezani kaye indemnity yanu, chitetezo chanu pa milandu ya odwala, kaya ku MPS (Medical Protection Society) kaya kwina, musanaone wodwala woyamba.

Wa ku Famasi: Moni madokotala. Ine ndinene za prescription, poti zolakwika zake zimathera pa kauntala pathu.

Lamulo lake ndi Medicines and Related Substances Act ya 1965. Papepala pakhale dzina lanu, maphunziro anu, nambala ya MP ndi adiresi ya kumene mukugwirira, dzina la wodwala, adiresi, zaka zake, makamaka akakhala mwana, tsiku, dzina la mankhwala, mphamvu yake, mtundu wake, kamwedwe, kuchuluka kwake, ndi kangati abwereze. Pepalalo lifike ku famasi pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku limene mwalemba.

Pa kubwereza ndi pamene anthu amasokoneza. Lamuloli limaika mankhwala m'magulu otchedwa Schedule. Mankhwala a Schedule 2 mpaka 5 akhoza kubwerezedwa, koma osapyola miyezi 6. Wodwala BP mukamulembera "repeat x 12", ife tipereka ya miyezi 6 yokha. Schedule 6, monga morphine ndi pethidine, sabwerezedwa n'komwe: pepala limodzi, mankhwala osapyola a masiku 30, ndipo kuchuluka kwake kulembedwe m'manambala komanso m'mawu. Chifukwa chake n'chakuti 10 ndi cholembera chimodzi amasanduka 100, pamene mawu ndi ovuta kuwasintha. Mukasiya mpata pansi pa mzere womaliza, dulani ndi mzere wopingasa kuti wina asawonjezerepo tramadol.

Pa ngozi, famasi amene amakudziwani akhoza kupereka Schedule 5 kapena 6 mutamuuza pafoni, koma ya maola 48 okha, ndipo pepala lolembedwa limupeze pasanathe maola 72.

GP (dokotala wa matenda onse) wa ku Turffontein, ku Johannesburg: Achemwali, onjezanipo za dispensing. Kumudzi tinazolowera kuti kiliniki ya pulayiveti ili ndi kabati ya mankhwala, wodwala amatuluka ndi kapaketi m'manja. Kuno kukhala dokotala si chilolezo chogulitsira mankhwala.

Wa ku Famasi: Zoonadi achimwene. Pamafunika laisensi ya gawo 22C(1)(a) la lamulo lomwe lija la mankhwala, yochokera ku Department of Health, ndipo mumayamba mwachita kosi ya dispensing yovomerezeka. Laisensiyo imamangidwa pa inu ndi pa malo amene mwatchula. Ya mwini kiliniki sikuphimbani inu wa locum. Chinanso, famasi amaloledwa kupereka generic, mankhwala omwewo a kampani ina, m'malo mwa dzina limene mwalemba. Ngati pali chifukwa chenicheni choti asasinthe, lembani "no substitution" ndi dzanja lanu pafupi ndi mankhwalawo. Mankhwala akamuipira wodwala, lipoti lipite ku SAHPRA, bungwe loyang'anira mankhwala kuno.

GP wa ku Turffontein: Tsopano ndilowe pa sick note, chifukwa apa ndi pamene ife a kwathu timayesedwa kwambiri. Mbiri ikangomveka kuti pali dokotala wolankhula Chichewa, foni siipuma. Wina wa kutchalitchi, wina wa kumudzi kwa mayi anu, onse ndi mawu amodzi: "A dokotala, sindinapite ku ntchito masiku atatu, abwana akufuna pepala." Ndipo mukudziwa kuti munthuyo ndi wa m'nyumba kapena wa m'galaden, akachotsedwa ntchito ana kumudzi asiya sukulu. Chisoni chimagwira, sindikukana. Koma pepala la munthu amene simunamuone ndi chinyengo, ndipo mabwana ambiri amaimba foni kufunsa.

Rule 16 ya malamulo a HPCSA imanena zimene zikhale pa sick note: dzina lanu, adiresi ndi maphunziro, dzina la wodwala, tsiku ndi nthawi imene mwamupima, ngati zimene mwalembazo mwaziona nokha kapena mwangouzidwa ndi wodwala, ngati sangagwire ntchito iliyonse kapena angathe yopepuka, masiku enieni opuma, tsiku lopereka pepalalo, dzina lanu m'zilembo zikuluzikulu ndi nambala ya MP. Chidindo chokha popanda kusaina sichikwana.

Onani bwino mfundo ya "mwaona nokha kapena mwauzidwa". Munthu wadwala Lolemba, wabwera Lachitatu. Simulemba tsiku la Lolemba ngati kuti munamuona. Mumalemba tsiku la Lachitatu, n'kunena kuti malinga ndi zimene wodwala wakuuzani anayamba kudwala Lolemba, ndipo zimene mwapeza zikugwirizana nazo, ngati zikugwirizanadi. Njira yomuthandizira mwachilungamo ilipo, koma abwere, mumupime, mutsegule fayilo.

Dzina la matenda sililembedwa popanda chilolezo cha wodwala. Akakana, mumangolemba kuti mwamupima ndipo sangagwire ntchito. Abwana alibe ufulu wodziwa kuti wantchito wawo ali pa ma ARV.

Wa ku Casualty: Ndipo muziwauza anthu athu zimene Basic Conditions of Employment Act imanena. Abwana akhoza kufuna pepala munthu akajomba kupyola masiku 2 otsatizana, kapena kupyola kawiri m'masabata 8. Ambiri amathamangira pepala la tsiku limodzi mwa mantha chabe.

Dotolo Watsopano: Nanga wachibale akatumiza chithunzi cha zotupa pa WhatsApp kuti mundilembere mankhwala?

GP wa ku Turffontein: Muuzeni apite ku kiliniki. Ine sindiona njira ina.

Wa ku Wodi ya Ana: Pamenepo ndisiyana nanu pang'ono achimwene. Kuonana ndi wodwala pafoni kapena pa vidiyo HPCSA imalola, malangizo ake a telehealth alipo. Vuto si foni. Vuto ndi kulemba mankhwala popanda mbiri ya wodwala, popanda chilolezo chake, popanda fayilo. Ngati zonsezo zilipo ndipo vutolo silifuna kugwira thupi, palibe cholakwa.

GP wa ku Turffontein: Pa wodwala wanu wa m'fayilo ndikuvomera. Pa mlamu wanu ayi. Simungamufunse mafunso onse oyenera, ndipo iye sangakuyankheni zoona zonse. Za Schedule 5 ndi 6 ndiye musayerekeze, kaya ndi wachibale kaya ndi inu mwini.

Wa ku Wodi ya Ana: Pa zimenezo tili pamodzi. Ndipitirize ndi za ana, poti zimasiyana kwambiri ndi zimene tinakulira nazo.

Children's Act ya 2005, gawo 129: mwana wa zaka 12 kupita m'mwamba, ngati ndi wokhwima maganizo moti akumvetsa ubwino ndi kuopsa kwake, akhoza kuvomera yekha chithandizo. Pa opaleshoni amavomera yekha koma mothandizidwa ndi kholo kapena womulera. Kuyezetsa HIV, zaka 12. Njira zolera, zaka 12. Pa kuchotsa pakati, lamulo la 1996 limafuna chilolezo cha mwini pakati yekha, zaka zake zilibe kanthu. Mumamulangiza kuti akambe ndi makolo koma simumukakamiza. Ngati chikumbumtima chanu sichikulolani kugwira ntchitoyo, muuzeni ufulu wake ndi kumene angapite, ndipo akabwera akutaya magazi mumuthandize.

Kholo likabwera kufunsa kuti mwana wanga wa zaka 15 anadzatani kuno, simuulula popanda chilolezo cha mwanayo. Kwa ife n'zolemera, chifukwa kwathu mayi ndiye amafunsa ndipo mwana amakhala chete. Koma lamulo la kuno ndi limenelo.

Chinsinsi chimathera pa nkhanza. Gawo 110 limakukakamizani kupereka lipoti mukaona zifukwa zomveka zoti mwana wavulazidwa, wagwiriridwa kapena wanyanyalidwa dala. Mumadzaza Form 22, ipite ku Social Development, ku bungwe lovomerezeka loteteza ana, kapena kupolisi. Za kugwiriridwa zipite kupolisi mosazengereza. Simudikira umboni wa kukhoti, kufufuza ndi ntchito ya ena. Banja likanena kuti tikakambirana kunyumba, amalume akubwera, inu dzazani fomu. Itanani social worker tsiku lomwelo, ndipo mwana asatuluke ngati kumene akupitako kuli womuvulazayo.

Wa ku Casualty: J88 ikubwera pomwepo. Iyi ndi fomu imene imakayankhula kukhoti m'malo mwanu, mwina patapita zaka ziwiri, inu nkhope ya wodwalayo mutaiwala. Yezani bala ndi rula, osati ndi maso. Lembani chonchi: bala lodulidwa, m'mphepete mosalala, masentimita 4 m'litali, kunja kwa mkono wamanzere, masentimita 6 pansi pa chigongono. Jambulani pa chithunzi cha thupi chili pa fomupo, n'kuika nambala yofanana ndi ya m'mawu. Zimene wodwala wanena zilembedwe ngati zonena zake: "akuti anamenyedwa ndi botolo". Pomaliza mumangonena kuti zilondazo zikugwirizana kapena sizikugwirizana ndi zimene wanena. Simulemba kuti wagwiriridwa kapena sanagwiriridwe. Zimenezo ndi za woweruza, ndipo kusapeza bala sikutanthauza kuti palibe chinachitika. Pewani zidule za m'wodi, loya sazidziwa. Fomu yeniyeni mumapereka kwa wapolisi wofufuza, kope itsale m'fayilo.

Wogwiriridwa alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, pasanathe maola 72, ndipo sadikira kuti atsegule kaye mlandu. Dziwani Thuthuzela Care Centre, malo othandizira ogwiriridwa, imene ili pafupi nanu.

China chimene ndikufuna achinyamata achigwire: gawo 27(3) la Constitution ndi gawo 5 la National Health Act ya 2003 amati munthu sakanizidwa chithandizo cha pangozi. Palibe pamene akutchula pasipoti kapena pemiti. Wofika akutuluka magazi mumamuthandiza, za mapepala ndi bilu zibwera pambuyo. Ndipo gawo 6 limati wodwala auzidwe za matenda ake m'chilankhulo chimene akumva ngati n'kotheka. Mudzaitanidwa kawirikawiri kukamasulira wodwala wa kwathu. Masulirani zonse, zowawa zomwe, osafewetsa, ndipo m'fayilo mulembedwe kuti womasulira anali ndani.

Mkulu wa ku Opaleshoni: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga. Ndikufuna ndikhalitse pa imfa, chifukwa apa cholakwa sichikonzeka.

Fomu yake ndi DHA-1663, imene akale amaitchabe BI-1663. Funso loyamba si lakuti wafa ndi chiyani. Funso loyamba ndi lakuti imfayi ndi yachilengedwe kapena ayi. Ngati ayi, kapena mukukayika, chimene chapha munthu simulemba inu. Mumadziwitsa apolisi, thupi limapita ku Forensic Pathology Service, nthambi ya boma yopima mitembo, malinga ndi Inquests Act ya 1959.

Yosakhala yachilengedwe ndi iti? Ngozi ya galimoto, kubayidwa, kuwomberedwa, kupsa, kugwa, poizoni, kudzipha, imfa yadzidzidzi yosadziwika chifukwa, ndi imfa imene mukuganiza kuti kunyalanyaza kwa wina kwathandizira. Kutalika kwa nthawi sikusintha kanthu. Munthu wagundidwa ndi taxi mu Janyuwale, wagona m'wodi osayenda, wamwalira ndi chibayo mu Epulo: chiyambi chake ndi taxi ija, imfayo ndi ya apolisi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, chifukwa amaona chibayo chokha.

Kenako gawo 56 la Health Professions Act. Munthu akafa ali pa procedure, kapena chifukwa cha procedure, kaya yochiza, yofufuza kapena yochepetsa ululu, imfayo siitengedwa ngati yachilengedwe. Sizikutanthauza kuti mwalakwa. Zikutanthauza kuti woweruza nkhaniyo asakhale inu amene munagwira mpeni. Pamadzazidwa fomu ya GW7/24. Machubu, ma drip, ma drain, catheter, zonse zisiyeni m'thupi momwe zilili. Dulani ndi kumanga, osazula. Chubu cha mpweya chikazulidwa, palibe amene angadzatsimikize kuti chinali m'malo mwake.

Tsono vuto lathu ndi ili. Achibale afika, asonkha kale ndalama ku bungwe la maliro, galimoto yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete inyamuka Lachisanu, kumudzi anthu asonkhana pa siwa. Akugwadirani m'Chichewa: "A dokotala, inu ndi wathu, ingolembani kuti anadwala, asamung'ambe." Mawu amenewo amalasa mtima. Koma mukalemba zabodza mwapalamula mlandu, ndiponso mwawalanda anawo: popanda lipoti la postmortem, kupempha chipukuta misozi ku Road Accident Fund kapena ku Compensation Fund kumavuta zedi, ndipo wopha munthu amayenda mfulu. Chimene mungachite ndi kukhala nawo pansi, kuwafotokozera ndondomeko yonse, kuwapatsa nambala ya mlandu ya kupolisi, kuwauza mochale imene thupi lapita, ndi kuwalozera ku Consulate ya Malawi kuno ku Johannesburg pa za mapepala otulutsira thupi.

Imfa ikakhala yachilengedwe, lembani mndandanda wa zifukwa kuchokera pa chomaliza kutsikira pa chiyambi. "Cardiac arrest" si chifukwa, aliyense womwalira mtima wake umaima. Mzere wapamwamba chikhale chimene chamutsiriza, wapansi matenda amene anayambitsa zonse. Ngati ndi HIV lembani HIV. Tsamba limenelo limamatidwa ndipo limathera ku Stats SA, ofesi ya boma ya ziwerengero; ziwerengero za dziko zimachokera pa zimene inu mwalemba.

Dotolo Watsopano: Bambo, zikomo. Nanga consultant akandiuza kuti saina natural, ine ndikukayika?

Mkulu wa ku Opaleshoni: Wosaina ndiye woyankha. Nenani mwaulemu kuti mukukayika, imbirani forensic pathologist amene ali pa call mumufotokozere, ndipo lembani m'fayilo dzina lake, nthawi ndi zimene walangiza. Ngati consultant akuonabe kuti ndi natural, asaine yekha.

Wa za Public Health: Ndiponyeko yanga, ndi yaifupi koma imaiwalika. Kuno malungo ndi matenda opereka lipoti pasanathe maola 24. Kumudzi timawaona tsiku ndi tsiku moti kulemba lipoti la wodwala mmodzi kumamveka zachilendo, koma kuno ali mu Category 1, pamodzi ndi kolera, chikuku, typhoid, chiwewe cha munthu, meningococcal disease ndi listeriosis. Ambiri a gulu limeneli mumapereka lipoti mukangowaganizira, osadikira labu. Category 2 ndi masiku 7: TB, hepatitis A, B ndi C, likodzo, kafumbata, khate, chindoko chobadwa nacho, ndi imfa ya mayi woyembekezera kapena wongobereka kumene. Ikani pafoni lero NMC App, yotumizira malipoti amenewa ku NICD, bungwe la boma loona za matenda opatsirana, mulembetse ndi nambala yanu. Musaganize kuti labu ikatumiza yawo ndiye kuti inu mwamasuka.

Mu Janyuwale anthu akamabwera ku holide, aliyense wotentha thupi mufunseni kumene anali, ndipo muyezeni malungo tsiku lomwelo. Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, si dera la malungo, choncho amaphonyeka n'kutchedwa chimfine.

Wa za Maganizo: Mental Health Care Act ya 2002. Wodwala wosokonezeka amene akukana chithandizo simungomubaya jakisoni n'kumutsekera popanda pepala. Form 04 ndi pempho, kawirikawiri la wachibale amene wamuona m'masiku 7 apitawa, ndipo imalumbiritsidwa. Form 05 imadzazidwa ndi azaumoyo awiri, aliyense atamupima payekha, osakoperana. Form 07 ndi ya mkulu wa chipatala. Kenako maola 72 omuunika, zotsatira pa Form 06. Pangozi, Form 01 ipite ku Review Board, bungwe loteteza ufulu wa odwala maganizo, pasanathe maola 24. Maola 72 amenewo ntchito yake ndi kufufuzanso thupi: shuga, matenda a muubongo, mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Delirium, kusokonezeka kobwera ndi matenda a m'thupi, ikatchedwa misala munthu amafera pa benchi.

GP wa ku Turffontein: Za fayilo. Tsiku, nthawi, dzina lowerengeka, kusaina. Mukalakwitsa dulani ndi mzere umodzi kuti zakalezo zizionekabe, sainani ndi kuika tsiku, Tipp-Ex ayi. Zowonjezera pambuyo zilembedwe ndi tsiku limene mukuwonjezeralo. Mafayilo amasungidwa zaka zosachepera 6 kuchokera pamene wodwala anasiya kubwera, a mwana mpaka atakwanitsa zaka 21. Chithunzi cha X-ray chokhala ndi dzina la wodwala musachiponye pa gulu, ngakhale pano. POPIA, lamulo loteteza zinsinsi za anthu, ikugwira ntchito mokwanira kuyambira pa 1 Julayi 2021.

Wofuna kutsegula kiliniki yake: practice number ndi ina, MP ndi ina. Practice number imachokera ku PCNS, kaundula woyendetsedwa ndi BHF (Board of Healthcare Funders), ndipo ndi imene ma medical aid amalipirira. Bilu iliyonse ikhale ndi ICD-10 code, nambala yoimira matendawo, yogwirizana ndi zimene zili m'fayilo. Kubwereketsa nambala yanu kwa munthu wina kuti azikokera ndalama, kapena kulandira kangachepe chifukwa chotumiza odwala ku labu inayake, zimathetsa ntchito.

Woyang'anira gulu: CPD, maphunziro opitiriza a madokotala, tisaiwale: mapointi (ma CEU) 30 pa miyezi 12, mwa amenewo 5 akhale a ethics, ufulu wa anthu ndi malamulo a zaumoyo. Sungani masatifiketi ndipo muzionetsetsa kuti akuoneka pa akaunti yanu ya HPCSA.

Dotolo Watsopano: Funso lomaliza akuluakulu. Kalata ya dandaulo ikabwera, munthu amayambira pati?

Mkulu wa ku Opaleshoni: Werengani tsiku limene lili pa kalatayo. Mumapatsidwa masiku 40 ogwira ntchito kuti muyankhe, ndipo kukhala chete ndi mlandu wina pawokha. Musayankhe usiku womwewo mtima uli m'mwamba, musaimbire wodandaulayo, ndipo fayilo musaikhudze ngakhale kuwonjezera kadontho. Imbirani a indemnity anu tsiku lomwelo, chifukwa zimene mulembe zikhoza kudzawerengedwa pa mlandu. Pemphani kope ya fayilo kudzera ku ofesi ya chipatala, lembani zimene zinachitika motsatira nthawi, loya aone musanatumize. Yankho lanu limapita ku komiti yoyamba kufufuza, ndipo nkhani zina zimathera pomwepo ngati zolemba zanu zili zomveka.

Wa ku Casualty: Ndipo a m'boma musadalire kuti boma likuphimbani pa zonse. Pa mlandu wa chipukuta misozi woimbidwa mlandu amakhala Department of Health, koma ku HPCSA woitanidwa ndi inu ndi nambala yanu. Funsani a indemnity ngati chimene mukulipira chikuphatikiza loya wa ku HPCSA ndi wa ku inquest, kafukufuku wa khoti pa imfa, ndipo yankho lawo likhale lolembedwa.